Chinanazi Chokhala ndi Mtima

MUTU 7

1. Wotchi ya amalume

Chibwerereni kumsika wa Milonde ndi wotchi yawo yatsopano, a Filipo sankavalanso malaya a mikono itali-itali. Ngakhale chiperoni chiphimbe phiri lonse la Mulanje, anthu n'kumanjenjemera m'majuzi, iwo ankayenda mkono uli pamtunda kuti aliyense aone.

Kunena zoona, sinali wotchi wamba. Inali yakuda, ya galasi ngati kafoni. Ukaikhudza pankaoneka kamtima kofiira kakugunda, kenaka manambala. Kunsi kwake kunkaphethira kagetsi kobiriwira. Wogulitsa anawauza kuti imayeza kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi, mpweya wa m'thupi, ngakhale tulo timene.

"Chipatala chonse chili pamkono panga pano," ankatero a Filipo.

Lamulungu lililonse anthu akaweruka kutchalitchi, khonde lawo linkadzaza. Sankalipiritsa munthu. A Filipo sanali wakuba. Nthenda yawo inali imodzi yokha, kukonda kutamidwa. Ankamanga wotchi ija pamkono wa munthu, n'kukwinya nkhope ngati adokotala, kenaka n'kulengeza kuti, "Muli bwinobwino." Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anachoka pakhondepo atauzidwa kuti akudwala.

Millie, mtsikana wa Fomu 3, anali mwana wa mlongo wawo. Bambo ake anamwalira iye akukwawa, choncho amalumewa ndiwo anamulera. Ndiwonso anali mwini mbumba, munthu amene mawu ake ankatseka nkhani iliyonse pamtundupo. Millie ankawakonda amalume ake, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi inamuwawa kwambiri.

Mayi ake, a Edna, ankathyola tiyi pa esiteti. Anali ndi matenda othamanga magazi, aja timangoti BP. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi oti azimwa m'mawa uliwonse kwa moyo wawo wonse. Mawu oti "moyo wonse" aja sankawasangalatsa. Ndiye wotchi ya achimwene awo itawauza mobwerezabwereza kuti ali bwino, anatenga mapiritsi onse n'kukawataya kuchimbudzi, akuimba nyimbo yoyamika Mulungu.

Sipanapite nthawi yaitali, Millie anayamba kuona mayi ake akugwira m'nkhongo podzuka pamphasa. Tsiku lina anawapeza atayedzamira mtengo wa mapeyala, atatsinzina.

"Amayi, mutu wayambanso?"

"Ndi dzuwa ili. Usandidwalitse ndi pakamwa pakopo."

2. Njinga, nthambi ndi mwala

Lachitatu lina a Filipo anamutuma Millie kuti akatchajitse wotchi kugolosale ya pamsewu, popeza sola yawo inali itafooka ndi mitambo. Pobwerera anaopa kuivala, kuti anthu angamunene kuti akudzionetsera ndi zinthu za akuluakulu. Anangoimanga pachiwongolero cha njinga imene anakwera.

Ali m'njira anafuna kuona nthawi. Chala chake chinakhudza galasi, ndipo kamtima kofiira kaja kanayamba kugunda. Kenaka panatuluka manambala, ofanana ndi aja amene anasangalatsa mayi ake.

Millie anatsika panjinga. Anamasula wotchi n'kuimanga panthambi ya bulugama. Nthambi nayo inapezeka kuti ili ndi mtima wabwino zedi. Anaigoneka pamwala. Mwalanso BP yake inali bwinobwino.

Wina akanaseka, koma Millie sanaseke. Anakumbukira mapiritsi aja ali kuchimbudzi, ndipo anagwidwa ndi mantha.

M'mawa mwake kusukulu, nthawi yopuma, anapita kwa Madamu Namaona, aphunzitsi a bayoloje. Iwowa ankakonda kuthamanga m'misewu ya m'minda ya tiyi, ndipo nawonso ankavala wotchi yoyeza mtima. Millie anawafotokozera zonse.

Madamu anavula wotchi yawo n'kuitembenuza.

"Taona apa. Kagetsi kobiriwiraka kamawalitsa pakhungu. Mtima ukagunda, magazi amachuluka m'mitsempha, ndiye kuwala kobwerera kumachepa. Pambali pake pali kadiso kamene kamaona kusintha kumeneko n'kumawerenga. Mafoni ena amachitanso chimodzimodzi ukaika chala pakamera. Koma popanda magazi, kadisoka kalibe choti kawerenge."

Anaigoneka wotchi yawo patebulo. Inadikira pang'ono, kenaka inangolemba kuti aivale bwino.

"Waona? Yeniyeni imavomera kuti sikuona kanthu. Ya amalume akoyo ili ndi kagetsi koma ilibe kadiso. Manambala anachita kuwaikiratu m'kati. Ndi chikomekome cha mkuyu chimenecho. Koma mvetsetsa ichi, Millie, chifukwa ndiye chachikulu. Ngakhale yangayi si dokotala. Imangondithandiza kudziwa ngati ndathamanga mopitirira muyeso. BP amayeza kuchipatala, ndi chija amakulunga pamkono n'kupopa. Ndipo munthu womwa mapiritsi akapezeka kuti BP yake ili bwino, ndiye kuti mapiritsiwo akugwira ntchito, osati kuti wachira. Akasiya, imakwera mwakachetechete, mpaka tsiku lina mtsempha wa m'mutu umaphulika. Mayi ako abwerere kuchipatala msanga. Koma amalume ako ukawauze paokha, mwaulemu. Munthu wamkulu ukamuchititsa manyazi pagulu, amaiwala zimene wanena. Amangokumbukira manyaziwo."

3. Nkhaniyi ithere m'munda muno

Millie anamvera. Madzulo a tsiku lomwelo anawapeza amalume ake ali okha m'munda wa zinanazi, akupalira. Anagwada pamzere.

"Amalume, ndili ndi mawu."

"Nena."

"Wotchi yanu ija imanama. Ndinaimanga panjinga, inayeza. Ndinaiika pamwala, inayezanso. Amayi akufunika abwerere kuchipatala."

A Filipo anaika khasu pansi n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinakutuma kukatchajitsa, kapena kukaseweretsa? Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Sukulu ndi yabwino. N'chifukwa chake ndinalimbikira kuti upitirize pamene anzako ankathamangira mabanja. Koma sukulu ikakwera m'mutu imaledzeretsa kuposa kachasu. Ine ndinakubereka kumsana kwanga kuno uli ndi malungo, mvula ikugwa, mtsinje utadzaza mpaka m'chiuno. Lero ukuganiza kuti ndingafune kupha Edna, munthu amene tinayamwa bere limodzi? Khutu siliposa mutu, Millie. Mayi ako tinawapempherera, ndipo makina atsimikiza kuti anachira. Iwe ndiwe ndani woti utsutse pemphero ndi makina omwe? Nkhaniyi ithere m'munda muno. Ndikadzaimva kwina, udzadziwa kuti pamtundu pano pali mwini wake."

"Ingoimangani pampini wa khasu lanulo, amalume. Muone nokha."

"Dzuka uzipita."

Kunyumba nako sizinayende. A Edna anamvetsera akusadzula masamba, osadzutsa mutu.

"Achimwene akanena kuti ndipite kuchipatala, ndipita. Iwe sindinakubereke kuti uzindilamula."

Loweruka Millie anakumana ndi a Lines kumjigo. Anali mayi wachikulire woyandikana nawo nyumba, amene poyankhula ankasakaniza ndi Chilomwe. Amuna awo anagona zaka zambiri atafa ziwalo mbali imodzi, mpaka anamwalira. Ataona nkhope ya mtsikanayo anamukokera pambali, ndipo Millie anawauza zonse.

"Mwanaka," anatero a Lines, "matenda amenewo ine ndimawadziwa, ndinawasambitsa ndi manja angawa. Bambo a kwathu anadzuka bwinobwino, anakalima, pobwera anangogwa pakhomo ngati thumba. Kuyambira pomwepo supuni sanaigwirenso okha. Ndiye ndikuuze, si mayi ako okha amene ataya mankhwala. A Joice a kuseri kwa tchalitchi anasiya. Palinso ena awiri amene ndikuwadziwa. Onsewo akuti wotchi ya a Filipo yawachiritsa. Ife akuluakulu tikuona, koma tikuopana maso. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma usamve ngati ndikukutuma, ayi. Malume ndi malume. Ukamuponda chala pagulu, mudzi wonse udzaiwala wotchi n'kuyamba kuweruza iweyo. Udzatchedwa wopanda mwambo, ndipo dzina limenelo silichoka ndi sopo. Uganize bwino, mwanaka. Ndakuuza mbali zonse ziwiri."

Millie anasenza ndowa yake. Anali atayesa paokha, anali atayesa mwaulemu. Pofika kunyumba anali atadziwa chochita.

4. Pakhonde

Lamulungu khonde la a Filipo linadzaza ngati kale. Amayi anakhala pamphasa, abambo pamabenchi. A Edna anali pomwepo, a Joice nawonso, mapazi awo atatupa mpaka nsapato osalowa bwino.

Millie anafika atanyamula chinanazi chakupsa. Anthu anaganiza kuti ndi mphatso. Anakhala kumapeto kwa mzere n'kudikira mpaka nthawi yake itakwana.

"Nanenso mundiyeze, amalume."

Nkhope ya a Filipo inawala. Anaganiza kuti mwana wabwerera m'khola.

"Mwaona? Ngakhale a sukulu afika. Bweretsa mkono."

Anamumanga wotchi. Kamtima kanagunda, manambala anatuluka.

"Uli bwinobwino."

"Zikomo. Ndiye muyezenso mnzangayu."

Asanamvetse chimene akunena, Millie anamasula wotchi n'kuimanga pakhosi pa chinanazi, paja payambira masamba. Anakhudza galasi n'kuchikweza m'mwamba kuti onse aone.

Kamtima kofiira kanagunda pachinanazi monga momwe kanagundira pamkono wa aliyense. Manambala anatuluka.

"Chinanazi chili bwinobwino, amalume," anatero Millie. "Nachonso chisiye mankhwala?"

Mawu otsirizawa anali osafunika, ndipo iye mwini anadziwa atangowatulutsa. Bambo wina kumbuyo anaphulika ndi kuseka. Ena anatsatira, ena anagwira pakamwa. Panalibe amene anayang'ana a Filipo kumaso.

Millie anakweza mawu. "Wotchi imeneyi siona magazi. Imauza aliyense zofanana, munthu kaya mwala. Amene munasiya mankhwala, chonde bwererani kuchipatala mawa. A Joice, inunso. Amayi, inunso."

"Mwana wopanda mwambo," anatero mayi wina.

"Waichita kanthu wotchiyo," anatero wina. "Ana a sukuluwa amadziwa kutokosa mafoni."

A Filipo sanakalipe. Anatambasula dzanja, ndipo Millie anawapatsa wotchi yawo. Anaiika m'thumba la malaya, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Millie akanakonda akanamukalipira. Anamva chisoni poona msana wa munthu amene anamulera ukulowa m'nyumba chowerama.

Anthu anabalalika awiriawiri, akunong'onezana. A Edna anadutsa pafupi ndi mwana wawo ngati sakumudziwa.

5. Mawu a mayi

Kunyumba a Edna anakhala pampando wa pakhonde atamanga duku mothinitsa kuti mutu uleke kugunda. Anamuitana Millie dzuwa lisanalowe.

"Khala pansi. Lero wandivula pamaso pa anthu. Iwe ukuona ngati wapambana, eti? Tamvera. Bambo ako atamwalira, abale awo anabwera kudzatenga chilichonse, mpaka malata a padenga. Amene anaima pakhomo pano n'kuwabweza ndi Filipo. Munda umene timadya uja, amene anaulimbira ndi Filipo. Mawa ukadzapeza banja, amene adzakhale kutsogolo ndi iyeyo. Ine ndikadzafa, amene adzauze anthu pokumba manda ndi iyeyo. Munthu wotere sumuseketsa kwa anthu ndi chinanazi. Ngakhale atalakwa, pali njira yake. Ukanapita kwa akuluakulu ena a mbumba kuti akamuuze. Iwe wadumpha onsewo chifukwa ukufuna anthu adziwe kuti umaphunzira bayoloje. Choona chopanda ulemu chimapweteka ngati bodza lomwe, mwana wanga."

"Ndinayesa paokha, amayi. Anandithamangitsa."

"Ukanayesanso."

"Nanga mutu wanuwo ukanadikira?"

A Edna anayankhula motsitsa mawu.

"Mutuwu ukundipweteka, sindikana. Maso nawonso akumachita chifunga. Kuchipatala ndikufuna kupita."

Mtima wa Millie unadumpha ndi chimwemwe.

"Koma sindingapite ngati mboni yotsutsa mchimwene wanga. Ndikapita mawa zinthu zili chonchi, mudzi wonse udzati Edna wagwirizana ndi mwana wake kunyoza Filipo. Ndiye uchite izi. M'mawa ugwire nkhuku yathadzi ija, upite nayo kwa amalume ako. Ukagwade. Ukanene pamaso pa anthu kuti unachita kuitokosa wotchi ija kuti iyeze chinanazi. Ukatero ulemu wawo ubwerera, ndipo ine ndipita kuchipatala ngati munthu wongokaonetsa mutu."

"Ndikanene bodza?"

"Ukanene mawu obweza ulemu."

"Nanga a Joice? Akamva kuti ndinanama, sabwereranso kumankhwala."

"A Joice ali ndi ana awo. Iwe mayi ako ndine."

Millie anapita kukhola n'kukaitsekera payokha nkhuku ija.

6. Nkhuku

M'mawa Millie anavala yunifolomu, anakwapatira nkhuku m'khwapa n'kuuyamba ulendo. Anasiya mayi ake akusamba, kukonzekera za kuchipatala.

Mbiri inali itamutsogolera. Kwa a Filipo anapeza akuluakulu awiri a mbumba atakhala pabenchi, ndi amayi angapo pamphasa. A Joice anali pakati pawo. A Filipo anakhala pampando wawo, wotchi ili pamkono.

Millie anagwada n'kuika nkhuku patsogolo pake.

"Amalume, ndabwera kudzapepesa. Ndinakuchititsani manyazi pagulu. Ndinayankhula mawu achipongwe kwa inu amene munandilera. Ndinalakwa, ndipo zikundiwawa. Mundikhululukire."

Akuluakulu aja anagwedeza mitu. Mmodzi anati, "Wayamba bwino. Malizitsa."

"Nena zimene unaichita wotchi," anatero a Filipo. Mawu awo sanali aukali. Anali ngati a munthu wopempha.

Millie anayang'ana pansi. Anangotsala ndi mawu ochepa kuti mayi ake akwere njinga ya kuchipatala. Atadzutsa maso anaona a Joice atatambasula miyendo yawo yotupa ija, akumuyang'ana mwachidwi, kudikira kuti amve ngati achira kapena ayi.

"Sindinaichite kanthu, amalume."

"Millie," anachenjeza mkulu uja.

"Pa chipongwe ndapepesa, ndipo ndipepesanso kangati konse mungafune. Koma wotchiyo ndi yabodza. Inunso anakunamizani amene anakugulitsani. Ndikanena kuti ndinaitokosa, a Joice sapita kuchipatala, ndipo tsiku lina tidzawanyamula. Zimenezo sindinena."

A Joice anabweza miyendo yawo n'kuiphimba ndi chitenje.

A Filipo anaimirira. Tsopano mkwiyo unaonekera.

"Nyamula nkhuku yako. Sindidya nkhuku ya munthu amene wagwada ndi mawondo okha. Loweruka mbumba yonse ikumana pano, ndipo tidzaona kumene uzikakhala, chifukwa pakhomo pa mlongo wanga sipangakhale atsogoleri awiri. Ndipo umve bwino. Pamtundu pano wodwala sapita kuchipatala mwini mbumba asanavomere. Ndi mmene tinapezera. Edna sayenda ulendo uliwonse chifukwa cha lamulo la mwana."

Millie anatola nkhuku yake. Anawerama mwaulemu kwa akuluakulu onse, n'kutuluka pampanda mutu uli chilili. Misozi inayamba kutsika atafika kale kunjira.

7. Musaime

A Edna anali atakhala pakhonde, atavala chitenje chatsopano ndi nsapato zawo za kutchalitchi. Anali atamwa kale tiyi, kapu ili m'manja. Ataona nkhuku ikubwerera m'khwapa mwa mwana wawo, anangowerama n'kuyamba kuvula nsapato.

"Amayi, ndapepesa. Koma bodza lija ndalephera."

A Edna anaimirira kuti amukalipire. Anatsegula pakamwa, koma dzina la mwana wawo linatuluka lopindika, ngati lochokera pakamwa pa munthu woledzera. Kapu inagwa. Mlomo unakokekera mbali imodzi, ndipo mkono wamanja unangoti lende.

Millie anaponya nkhuku n'kuwawakha asanagwe pansi. Anakuwa kuitana a Lines, amene anafika akuthamanga, mpango uli m'manja. Atangoona nkhope ya a Edna anadziwa.

"Ndi matenda omwe aja, mwanaka. Thamanga ukauze amalume ako."

Millie anathamanga, koma sanalowere kwa amalume ake. Analunjika kumsewu kumene kumaima a kabaza. Anapeza mmodzi wa iwo, a Ganizani, atakhala panjinga yawo yamoto, ndipo anabwera nawo mpaka pakhonde.

Anawakweza a Edna pakati. Millie anakhala kumbuyo, n'kudzimanga pamodzi ndi mayi ake ndi chitenje chatsopano chija. Mutu wa mayi ake unagonera paphewa pake. Zinamupweteka kuganiza kuti akanangonena bodza lija, bwenzi ulendowu akuyenda mayi ake atakhala okha panjinga, akumukalipira bwinobwino.

"Nanga amalume ako?" anafunsa a Lines. "Mwambo ukuudziwa."

"Mukawauze kuti atipeza kuchipatala. Ngati ndi mlandu, auphatikize ndi wa Loweruka."

Njinga inalira n'kunyamuka. Koma kukuwa kuja kunali kutamveka mudzi wonse. Atangotulukira pamphambano, anaona a Filipo ataima pakati pa njira, akupumira m'mwamba, dzanja atalikweza. Kaya ankawaimitsa kuti awabweze, kaya kuti akwere nawo, Millie sakanatha kudziwa, ndipo analibe nthawi yofunsa.

A Ganizani anachepetsa liwiro.

"Amalume akotu awo. Ndiime?"

Millie anakumbatira mayi ake mwamphamvu.

"Lizani hutala, achimwene. Musaime."